Ng'oma ya Eni Khungwa a pa Zalewa

Gunda, yamba iwe. Mpanje, tsatira. Mbalule, dikira kaye, uyankhula tikafika pa mayina.

Gu! Gu-gu! Gu!

Tili pa Zalewa, m'boma la Neno, kwa Mfumu Symon. Pa Zalewa pamene Shire amalowa pansi pa mlatho akuthamangira ku Nkula ndi ku Tedzani kukayatsa magetsi a dziko. Pa Zalewa pamene msewu wochokera ku Blantyre umachita mphanda, wina kulowera ku Mwanza ndi ku Tete, wina kukwera ku Phalula ndi ku Balaka. Pa Zalewa pa chipata cha apolisi, pamene basi ikangoima mazenera amadzaza mabeseni a manachesi ndi malambe. Tiufulatire msewuwo. Tilowe m'thengo louma la mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira mosapuma, tikaime patsinde pa mtengo, pakuti eni ake a ng'oma ya lero amakhala kuseri kwa khungwa, ndipo ambiri a iwo msinkhu wawo ndi wa njere ya mapira.

Gu-gu! Mwininyumba ayambe, alendo pambuyo.

Inu a Tsanya! Masamba-awiri-awiri, Opinda-masamba-dzuwa-likakula, Mthunzi-wa-mpatampata, Mtima-wofiira-wolepheretsa-chiswe! Khungwa lanu lidang'ambika mizere kuchokera kutsinde mpaka kunthambi, ndipo mng'alu uliwonse ndi khomo la wina. A Mlambe, pepani, ukulu ndi wanu, koma khungwa lanu ndi losalala, mlendo wamng'ono alibe pogona. A Bulugamu, obwera, ovula chaka ndi chaka, pansi pa zovula zanuzo pamagona khamu. A Mthethe aminga, a Bwemba amakwinya, nanunso muli ndi zipinda. Wawa, eni malo!

Wofuna kulowa m'nyumba zimenezi aodire. Chala chisatsogole, chifukwa momwemo mumagonanso chinkhanira ndi nankalizi. Atenge mpeni kapena kamtengo, ayale nsalu yoyera patsinde kuti wogwa aonekere, atukule khungwa lokhalo limene lauma ndi kusiyana kale ndi thunthu. Khungwa lamoyo salisenda. Akamaliza kuona alibwezere mmene linalili, pakuti limenelo ndi denga.

Gu! Gu! Mlenje satamandidwa nyama yake isanatchulidwe.

Inu a Nyerere! Khamu-losawerengeka, Mzere-wosaduka, Osenza-choposa-msinkhu! Inu a Linthumbu, Odzutsa-mudzi-pakati-pa-usiku, Otulutsa-nkhuku-m'khola! Ndi inu akudawo okweza thako mukapsa mtima, amene akatswiri amati Crematogaster, omanga m'mphako ndi m'nthambi, opaka mdani madzi oyabwa! Akangaude ambiri akakuonani amapatuka. Pofika 2022 mitundu ya akangaude yolembedwa padziko lonse idapitirira 50,000, koma yowerengeka yokha ndiyo idasankha kudya inu tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake n'chomveka. Nyerere imaluma, ina imabaya ndi mbola, ina imathira asidi, ndipo ikagwidwa imatulutsa fungo loitana abale ake. Wogwira imodzi waputa mudzi wonse. Koma wodziwa kagwiridwe kake sagona ndi njala, chifukwa pamtengo nyerere sizitha, dzinja ndi chilimwe chomwe.

Tsopano, mbalule, yankhula! Mbe-mbe-le! Mbe-le-mbe!

Inu a Mponya-ulimbo! Okana-ukonde, Mutu-waung'ono, Mimba-yosongoka-kumbuyo, Ophera-chambuyo, Mamilimita-atatu-oopsa! M'mabuku ndinu Euryopis, dzina limene Anton Menge adakulemberani mu 1868. Abale anu a mfunda wa Theridiidae amaluka maukonde osokonekera m'ngodya za nyumba ndi pansi pa mipando, n'kumadikira chogwera. Inu ayi. Mumatuluka m'mng'alu, n'kukhala duu pambali pa njira ya nyerere, miyendo mutayala pakhungwa. Nyerere ikakukhudzani simuthawa. Mumaitembenukira ndi mbuyo, miyendo yakumbuyo ikukoka ulusi womata n'kuuponya pa iyo, phwa, phwa, mpaka yamatirira kukhungwa. Kenaka kuluma kamodzi, nthawi zambiri pamwendo, pamene mano a nyerere sangakufikeni. Mumayembekeza ululu uyende. Ikafooka mumaikoka pambuyo panu pa ulusi, kupita nayo kutali ndi mzere, kuti abale ake akamafika ndi ukali apeze malo okha.

Inu ndinu amene ndimakukondani koposa onse, chifukwa mumapha wokuposani msinkhu popanda msampha wotchera kale. Wofuna kukudziwani akuyang'aneni chakumwamba: mimba yotambalala kutsogolo, yosongoka kumbuyo, yakuda, nthawi zina ya timawanga tonyezimira, miyendo yomalizira yotalikirapo kuposa yoyamba. Akapeza pansi pa khungwa kampira koyera ka ulusi wanyankhalala, amenewo ndi mazira anu. Koma amve bwino apa: muli ndi msuweni wa mfunda womwewo, Latrodectus geometricus, wamkulu kukuposani, wa mimba yobulungira, wa chizindikiro chofiirira kunsi kwa mimba, wa timipira ta mazira ta minga-minga. Ameneyo ululu wake umapweteka munthu. Muoneni ndi maso, manja akhale kumbuyo.

Mbe-le! Mbe-le! Tiki-tiki-ti!

Inu a Mzungulira-mdani! Kamvuluvulu-wa-pakhungwa, Liwiro-losaoneka, Otuwa-a-timadontho, Maso-ounjikana-pakati! M'mabuku ndinu Oecobius. Mmodzi wa inu, Oecobius navus, John Blackwall adamulemba mu 1859 kuchokera pa chilumba cha Madeira, ndipo lero ali m'maiko a mbali zonse za dziko, atayenda ndi katundu wa anthu. Mamilimita 2 kapena 3, basi. Chifuwa chanu ndi chobulungira, miyendo yopindikira cham'mbali. Nyumba yanu ndi kansalu kopyapyala koyalidwa pa mng'alu, timaulusi titatambasuka kuchoka m'mphepete mwake. Nyerere ikapunthwa pa kaulusi kamodzi, mwamva. Mumatuluka n'kuizungulira, kuizungulira, kuizunguliranso, ulusi ukutuluka kumbuyo kwanu, nyerere ikuluma mphepo, mpaka miyendo yake yonse yamangika pansi. Ndipo inu simusankha pokhala. Muli pakhungwa, muli pamwala, muli pa zipupa za magolosale a pa Zalewa, m'mizere ya pakati pa njerwa. Amayi osesa chipupa amaona timadontho ta fumbi n'kutichotsa ndi tsache. Amayi, pansi pa kadontho kameneko pali mlonda wa shuga wanu.

Gu-gu-gu! Kwezani maso pamwamba pa khungwa!

Inu a Michira-iwiri! Mtundu-wa-khungwa, Ogona-chafufumimba-pathunthu, Oonekera-osaoneka, Othawira-kuseri! M'mabuku ndinu Hersilia, dzina lochokera kwa Audouin mu 1826, amene adalemba za mbale wanu wa ku Egypt. Inu simulowa m'mng'alu. Mumakhala poyera, thupi mutalipanikiza pathunthu, ndipo munthu angakuyang'aneni ndithu osakuonani. Michira yanu iwiriyo ndiyo timabere ta ulusi, totalika pafupifupi kufanana ndi mimba yonse. Miyendo yanu ndi yaitali kupatula iwiri yachitatu, imene ndi yaifupi kwambiri. Maso anu adakwera pa kachulu pamwamba pa mutu. Zizindikiro zitatu zimenezi zikakumana, palibenso kufunsa. Chilichonse choyenda pathunthu, nyerere kaya kadziwotche, mumachilumphira, n'kuchizungulira michira italoza kwa icho, kuchifunda ulusi mpaka chamatirira kumtengo. Wokufunani aike tsaya lake pafupi ndi thunthu madzulo dzuwa litapendeka, ayang'ane cham'mbali. Aona timaulusi tikunyezimira, ndipo akayendetsa dzanja, khungwa lidzathamanga.

Pumulani manja, oimba. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amene akubwerawa timawadziwa ndi maso awo.

Mbe! Mbe-mbe! Mbe!

Inu a Maso-awiri-akulu! Otembenuka-kuyang'ana-munthu, Olumpha-atamanga-chingwe, Alenje-a-masana! Mfunda wanu ndi Salticidae, ndipo ndinu ochuluka kuposa mfunda wina uliwonse wa akangaude. Maso anu ndi asanu ndi atatu, koma awiri akutsogolo ndi aakulu, owala, oyang'ana molunjika. Usiku mumagona m'timatumba toyera ta ulusi pansi pa khungwa, choncho wotukula khungwa m'mawa amakupezani musanadzuke.

Mwa inu muli a Mexcala, Wakuda-wa-miyendo-yowonda, Wokupiza-manja-poyenda, Wotsata-mzere-cham'mbali! George Peckham ndi Elizabeth Peckham adalemba Mexcala elegans wa kuno kummwera kwa Africa mu 1903, ndipo Wanda Wesołowska wa ku Poland adasanthulanso mtundu wonsewu mu 2009. Inu mumadyadi nyerere. Mumaiyang'ana, kuilondola, kuilumphira, ndipo ntchentche imene anzanu amaithamangira inu simuilabadira kwenikweni.

Mulinso a Myrmarachne, Wovala-za-eni, Chiuno-chobwereka, Nyanga-za-miyendo, Woyenda-pakati-pa-adani! MacLeay adakupatsani dzina mu 1839, ndipo Fred Wanless adasonkhanitsa abale anu a mu Africa m'buku limodzi mu 1978. Inu mudatenga thupi la nyerere lonse. Chiuno chidaning'a, khungu lidasalala, mayendedwe ndi a imani-pitani, ndipo miyendo iwiri yakutsogolo mumaikweza m'mwamba n'kumaigwedeza kuti ioneke tinyanga, pansi patsale isanu ndi umodzi. Ambiri amakunenani kuti mudavala chotere pofuna kudya eni zovala. Mlandu umenewu suli wanu. Chakudya chanu ndi tizilombo tofewa touluka. Mudavala chotere chifukwa mbalame, abuluzi ndi mavu oumba nyumba zadothi, amene amasaka akangaude, nyerere amazilambalala. Moyo wanu mudaubisa m'mbiri ya ukali wa ena.

Ana a pa Zalewa, mverani mmene mungamugwirire bodza Myrmarachne. Nyanga za nyerere zimamera pamutu ndipo zili ndi chigongono. Zake zimachokera pansi pa chifuwa, pamodzi ndi miyendo inayo. Werengani: nyerere miyendo isanu ndi umodzi, kangaude isanu ndi itatu. Musendezereni kaudzu. Nyerere imaluma kaudzuko kapena kugwa pansi, iye amatembenuka kukuyang'anani, ndipo mukamukankha amatsika pa ulusi n'kulendewera. Nyerere yaikulu ilibe ulusi wotsikira. Wamwamuna ndiye savuta: zibwano zake ndi zazitali, zoloza kutsogolo.

Gu! Gu! Gundu! Tsikani kutsinde, kumene khungwa lakugwa lakumana ndi mchenga!

Inu a Nkhokwe-ya-mchenga! Omanga-ndi-timiyala, Ogona-masana, Oluma-n'kubwerera, Mano-aafupi-ululu-wautali! Mfunda wanu ndi Zodariidae, ndipo wa kuno amene timamutchula ndi Diores. Pansi pa mwala kapena pansi pa chikhungwa chakugwa mumalumikiza njere za mchenga ndi ulusi n'kupanga kanyumba kobulungira, mkati mosalala. Munthu amaona kachibuluma ka dothi n'kupitirira. Kukada mumatuluka kukasaka nyerere ndi chiswe. Thupi lanu ndi lonyezimira, chifuwa chachikasu kapena chofiirira, mimba yodera ya mawanga otuwa, timabere ta ulusi takutsogolo totalika kuposa takumbuyo. Msuweni wanu wa m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, Zodarion, ndiye adatchuka ndi machenjera. Amaluma nyerere pamwendo n'kuthawa, kudikira patali mpaka yagwa. Akainyamula n'kukumana ndi nyerere ina, amatsogoza mtembowo kuti mlonda anunkhize fungo la m'bale wake, iye akugogoda ndi miyendo yakutsogolo monga nyerere zichitira polonjerana, n'kudutsa.

Mfunda wanu uli ndi mnzake wa Malawi. Rudy Jocqué wa ku Belgium, wa kunyumba yosungirako zinthu za mu Africa ku Tervuren, adatolapo akangaude ku Chintheche, ku Mulanje ndi ku Nyika. Mu 1991 adalongosola mfunda wonse wa Zodariidae, ndipo mu 1997 iye ndi Ansie Dippenaar-Schoeman wa ku South Africa adatulutsa buku lothandiza kuzindikira mafuko a akangaude a mu Africa. Ndikufuna tsiku lina buku lotere lilembedwe ndi mwana wobadwira ku Lisungwi, amene adakula akutola nkhuni za tsanya, ndipo lilembedwe m'chinenero chimene agogo ake angamve.

Mbe-le-mbe! Wina watuluka mothamanga, tisamusokoneze ndi enawa!

Inu a Phwatalala! Thupi-la-pepala, Oyenda-cham'mbali, Maso-asanu-ndi-limodzi-pamzere-umodzi, Alonda-a-kuseri-kwa-kalendala! Mfunda wanu ndi Selenopidae. Ndinu akulu kuposa onse tawatchulawa, ndipo wotukula khungwa ndinu amayamba kukuonani, mukuthawa. Nyerere si chakudya chanu chenicheni. Inu ndi a agulugufe a usiku, mphemvu ndi udzudzu. Tikukutchulani kuti ana asakuphatikizeni ndi odya nyerere, komanso chifukwa oimba ali nanu ngongole. Mazira anu mumawaphimba ndi kansalu koyera, kosalala, kolimba, komatidwa pakhungwa kapena pachipupa. Kansalu ka mazira a kangaude ndiko kamene oimba valimba a kumunsi kwa Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ankamata pa kabowo ka chikho chilichonse cholendewera pansi pa limba, kuti mawu atuluke akunjenjemera, nzzz, nzzz, ofika kutsidya kwa mtsinje. Lero ambiri amamata pepala la pulasitiki. Koma mawu amene makutu athu adazolowera kuti ndiwo valimba adayamba ndi mayi wa miyendo isanu ndi itatu wofunditsa ana ake. Nthungululu kwa iye, amayi!

Lululululu!

Gu-gu! Gu-gu! Ndipo inu amuna a mafuko onsewa, Zibakera-ziwiri, Oonda-ndi-ulendo, Ofunsira-moika-moyo-pachiswe! Timanja tanu ta pakamwa tidatupa kunsonga, ndimo mumasungira mbewu yanu. Ta akazi ndi towonda. Apa ndi pamene diso la munthu limathera. Mfunda tingaudziwe ndi maso ndi galasi lokuza zinthu kakhumi: maso aikidwa bwanji, miyendo yaitali ndi iti, timabere ta ulusi n'totani, nyumba yamangidwa motani. Koma dzina lenileni la mtundu limawerengedwa pa timanja ta wamwamuna wamkulu ndi pa kachizindikiro kolimba ka kunsi kwa mimba ya wamkazi wamkulu, pansi pa maikulosikopu. Ana osakhwima sanena dzina lawo. Choncho wotola atole mmodzi kapena awiri okhwima, awaike m'kabotolo ka sipiriti wa 70 peresenti, alembe ndi pensulo pa kapepala tsiku, malo ndi mtengo, kapepalako kalowe m'botolo momwemo. Akapeza kangaude ali ndi nyerere kukamwa, atole zonse ziwiri, pakuti umenewo ndi umboni wa chakudya chake. Otsalawo awasiye. Botolo lopanda kapepala ndi imfa yachabe.

Gunda, tsitsa mawu. Gu. Gu. Gu.

Inu achimwene a nkhwangwa, bambo a uvuni, okankha njinga ya matumba atatu kukwera mtunda wa ku Lirangwe mbandakucha! Nanunso ng'oma ikukutchulani, ndipo sikukutukwanani. Tikudziwa mvula ya chigwa chino mmene imachitira ndi chimanga. Tikudziwa kuti mbaula za ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni zimayaka m'mawa uliwonse, ndipo ogula amafunsa makala a tsanya chifukwa amalemera ndi kukhalitsa moto. Lamulo la nkhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo matumba ambiri adathera pa chipata cha Zalewa. Komabe utsi sunaleke kukwera kuseri kwa mapiri. Dothi la m'malo ometedwa limatsika ndi mvula kulowa mu Shire, n'kukadzaza dziwe la ku Nkula kumene makina akhala akupukusa magetsi kuyambira 1966. Magetsi akazima, m'tauni amagulanso makala.

Mtengo ukalowa mu uvuni umalowa ndi khungwa lake. A Mponya-ulimbo ndi kampira kawo ka mazira, a Mzungulira-mdani m'kansalu kawo, a Maso-awiri-akulu m'thumba lawo la tulo, onse amakwiriridwa ndi dothi pamodzi ndi zipika. A Michira-iwiri amathawira kuseri kwa thunthu monga mwa nthawi zonse, koma tsiku limenelo kuseri kulibe. Izi zimandiwawa, achimwene, chifukwa mu Africa muno akatswiri akulembabe mitundu yatsopano ya akangaude chaka ndi chaka, ndipo thengo lililonse lopsa lisanayang'anidwe limapita ndi mayina ake.

Ku Kam'mwamba, kumtunda kwa msewu womwewu, anthu adayamba m'zaka za m'ma 1990 kupanga zakumwa za malambe ndi bwemba, kuweta nkhanga ndi njuchi, kuti mtengo woimirira nawonso ubweretse ndalama pakhomo. Njira imeneyo ilipo, ngakhale siikwanira aliyense. Kwa inu amene nkhwangwa ikadali m'manja, pempho langa ndi laling'ono. Tsanya akadulidwa amaphukanso, bola chitsa chisapse. Musamange uvuni pamwamba pa zitsa. Mvula ikagwa mphukira zidzatuluka, pamasamba padzabwera timamba toyera totsekemera ta tizilombo toyamwa madzi a mtengo, nyerere zidzakwera, ndipo ana a akangaude, amene amauluka ndi mphepo atapachikika pa kaulusi, adzatera. Koma khungwa la ming'alu silibwera ndi mphukira. Tsanya amakula pang'onopang'ono, ndipo zipinda zimenezo zimatenga zaka zambiri kuti zitseguke. N'chifukwa chake ndikupempha za tsanya wakale uja, wamphako, wokhota, amene makala ake sangadzaze ndi matumba awiri omwe, woima yekha m'mbali mwa njira ya ku Lisungwi. Ameneyo nkhwangwa imudutse.